Kunyamula zitsulo kuti mphamvu zikule: kulemera kwanji, maseti angati, kangati pa sabata

Onyamula zitsulo achuluka mu Mzuzu muno. Ena amalipira ku majimu a m'tauni, ena ali ndi zawozawo kuseri kwa nyumba ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuba ndi ku Luwinga: paipi yachitsulo, mapuleti oumba ndi simenti, ndi benchi yokhomedwa ndi kalipentala wa pafupi. Khama ndiye lilipo lambiri. Chimene chimasowa ndi muyeso. Mnyamata amafika Lolemba n'kunyamula mpaka manja kunjenjemera, Lachiwiri chimodzimodzi, Lachitatu akutsika pa minibasi chotsimphina, kenako osaonekanso masabata awiri. Chaka chikatha, makilo amene ankakweza mu January ndi omwewo akulimbana nawo mu December.

Zimene mungasinthe pa ndondomeko yanu zilipo zitatu. China ndi kuchuluka kwa ntchito, ndiye kuti maseti ndi marepu. Repu ndi kukweza chitsulo kamodzi n'kuchitsitsa, ndipo seti ndi marepu angapo otsatizana musanapume. China ndi kulemera kwa chitsulocho poyerekeza ndi mphamvu zanu. Chachitatu ndi masiku amene mumanyamula pa sabata. Zitatuzi zimalipiridwa ndi thumba limodzi, lomwe ndi mphamvu ya thupi lanu yodzikonzanso mukamapuma. Zili ngati malipiro a pa mwezi: lendi ikakwera, ya ndiwo imachepa, mufune musafune. Mukakweza kulemera kwambiri, kuchuluka kwa ntchito kutsike. Mukawonjezera masiku, ntchito ya tsiku lililonse ichepe. Amene amakweza zonse zitatu nthawi imodzi ndi amene amathera kwa wotikita mapewa.

Yambani ndi sikelo

Ngati mumapita ku jimu ya mapuleti ogula olembedwa makilo, ingofunsani kulemera kwa ndodo, chitsulo chachitali chimene mapuleti amalowetsedwapo. Ndodo ya mpikisano ya amuna imalemera makilo 20, ya amayi makilo 15, koma zambiri za m'makomboni ndi zowotcherera konkuno ndipo iliyonse ili ndi kulemera kwake.

Inu a mapuleti a simenti ndi amene muli ndi ntchito. Konkire wouma amalemera pafupifupi makilo 2.3 kapena 2.4 pa lita, choncho puleti youmbidwa m'chitini cha penti cha malita 5 imakhala cha m'ma kilo 11 kapena 12, malinga ndi kukula kwa bowo la paipi ndi miyala imene munathira. Mapuleti awiri otuluka m'chitini chimodzi amatha kusiyana ndi kilo yathunthu, ndipo phewa limodzi limanyamula kusiyanako tsiku ndi tsiku mwini wake osadziwa. Akwezeni onse pa wilibala mupite nawo kwa ogula soya ndi chimanga, aja a sikelo yolendewera. Ikani puleti iliyonse m'thumba, ipimeni, mulembe nambala yake pamwamba ndi penti. Ndodo nayo ipimidwe. Mukabwerera, aphatikizeni awiriawiri olingana.

Mufunikanso tizolemera ting'onoting'ono, pakuti kudumpha kuchoka pa makilo 40 kufika pa 62 chifukwa choti mapuleti anu ndi omwewo si kuwonjezera, ndi kudzipha. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Mabotolo awiri a lita, omangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga kumapeto onse a ndodo, akupatsani makilo awiri owonjezera. Anzanu aseka tsiku loyamba, kenako adzabwereka.

Kenako dziwani pamene mphamvu zanu zili

Ngati simunagwirepo ndodo, masabata awiri kapena atatu oyamba akhale ophunzira kayendedwe ndi ndodo yopanda kanthu kapena yopepuka. Zina zonse zidikire.

Amene mwazolowera kale, mufunika kudziwa makilo amene mungakweze kamodzi kokha, chifukwa kulemera konse kumawerengedwa kuchokera pamenepo. Musayese podzaza ndodo n'kuona ngati ituluka. Sankhani makilo amene mukuganiza kuti mukweza ka 6 mpaka ka 10, mutenthetse thupi bwinobwino, kenako mukweze mpaka pamene mwaona kuti repu yotsatira ikhotetsa msana. Lekani pomwepo. Masamu ake anawapanga Boyd Epley, mphunzitsi wa zolimbitsa thupi ku University of Nebraska, mu 1985: gawani marepu ndi 30, wonjezerani 1, chulukitsani ndi makilo. Mwakweza makilo 60 ka 8? 8 kugawa ndi 30 ndi 0.27, kuwonjezera 1 ndi 1.27, kuchulukitsa ndi 60 ndi makilo 76. Amenewo ndiwo malire anu ongoyerekeza. Marepu akapitirira 10 masamuwa amayamba kunama, ndiye musawagwiritse ntchito pa seti ya marepu 20.

Chitani zimenezi pa zonyamula zikuluzikulu zokha: sikwati (kunjuta n'kudzukanso ndodo ili pa mapewa), benchi (kukankha ndodo kuchoka pachifuwa mutagona chagada pa benchi), deadlift (kunyamula ndodo kuchoka pansi mpaka mutawongoka) ndi kukankhira ndodo pamwamba pa mutu mutaimirira. Za mikono zija anyamata amazikonda pa galasi sizifuna masamu.

Sankhani masiku amene mudzawasungedi

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa pa sabata. Bungwe la American College of Sports Medicine mu 2009 linati oyamba kumene azilimbitsa thupi lonse masiku awiri kapena atatu pa sabata. Kwa ambiri a ife, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu zimakwana. Ngati Lachisanu ndi tsiku lanu lokaoda katundu ku Karonga kapena ku Songwe, tengani masiku awiri, Lolemba ndi Lachinayi, ndipo musadzione ngati waulesi. Masiku awiri osungidwa chaka chonse amaposa masiku asanu osungidwa mwezi umodzi.

Kudumphitsa tsiku kuli ndi chifukwa. Mukanyamula zolemera, minofu imakhala pa ntchito yodzikonzanso tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kuwawa kuja kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72. Mukabwereza zolemera zomwezo mawa lake, mwasokoneza ntchito imene inali isanathe.

Koma kutalikitsa kwambiri nako n'kulakwa, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi ndondomeko zofala pa YouTube ndi pa Facebook, zija za Lolemba chifuwa, Lachiwiri msana, Lachitatu mapewa, miyendo ikakumbukiridwa. Zimenezo zinapangidwira anthu a mpikisano woonetsa thupi, omwe ena mwa iwo amabaya mankhwala ndipo ntchito yawo ndi kudya, kugona ndi kunyamula basi. Mphamvu ndi luso. M'masabata oyamba, kukwera kwa makilo kumachokera makamaka ku ubongo ndi mitsempha zimene zikuphunzira kulamula minofu kuti ikoke pamodzi, minofuyo isanakule n'komwe. Luso lochita kamodzi pa sabata limachedwa kukhazikika.

Mu 2018 Jozo Grgic ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana pa nkhaniyi. Anapeza kuti onyamula kawirikawiri ankapeza mphamvu zochulukirapo, koma maseti a sabata yonse akakhala ofanana, kusiyanako kunkazimiririka. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti masiku ndi njira yogawira ntchito. Maseti 9 a sikwati tsiku limodzi, atatu omaliza amakhala a chiphamaso, miyendo itatha kale. Maseti omwewo mukawagawa atatuatatu pa masiku atatu, onse 9 amakhala abwino.

Tsopano kulemera

Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri amasochera mbali zonse ziwiri. Ena amanyamula zopepuka ka 20 ka 30 mpaka thukuta kuti noninoni, n'kumadabwa kuti mphamvu sizikubwera. Ena tsiku lililonse ndi mpikisano.

Taonani masamu awa. Maseti 3 a marepu 10 pa makilo 40 ndi makilo 1,200 onse pamodzi. Maseti 3 a marepu 5 pa makilo 60 ndi makilo 900 okha. Woyambayo wasuntha katundu wambiri, koma kwa munthu wa malire a makilo 76 uja, wachiwiri ndi amene akuphunzitsa thupi kukweza zolemera. Thupi limazolowera chimene mwalipatsa. Mukalipatsa zopepuka zambirimbiri, limaphunzira kupirira. Mukafuna likweze zolemera, lizikumana ndi zolemera.

Maseti 3 a marepu 10 amene aliyense amawadziwa aja anachokera kwa Thomas DeLorme, dokotala wa asilikali a ku America, amene m'zaka za m'ma 1940 ankathandiza ovulala pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kuti miyendo yawo ilimbenso. Kwa woyamba kumene ndi abwino ndithu: marepu 8 mpaka 12 pa maperesenti 60 mpaka 70 a malire anu, miyezi iwiri kapena itatu. Vuto n'kukhala pomwepo zaka zitatu. Mukazolowera, ntchito yambiri izichitikira pakati pa maperesenti 70 ndi 85, marepu 3 mpaka 6. Zopitirira maperesenti 90 zizibwera mwa apo ndi apo, repu imodzi kapena awiri, osati sabata iliyonse.

Ngati maperesenti akukutopetsani, gwirani lamulo ili: makilo amene mungakweze ka 8 mutadzipereka kotheratu, muziwakweza ka 5. Amene mungakweze ka 5, muziwakweza ka 3. Muzitsika pa benchi mukudziwa kuti marepu awiri kapena atatu anatsala m'manja.

Ndikudziwa kuti zimenezi sizimveka bwino pa gulu. Mwagona pa benchi, ndodo yaima pakati, mnzanu waima kumutu akukuwa, "Amwene kankhani! Ina imodzi! Ndi yanu imeneyo!" uku zala zake zikukoka theka la katunduyo, inu matako ali m'mwamba, phewa lina latsogola. Repu imeneyo si yanu, ndipo mtengo wake ndi waukulu: kufika polephereratu kumatopetsa thupi kwa nthawi yaitali kuposa kulekeza patsala awiri, pomwe phindu lake pa mphamvu silisiyana kwenikweni. Maseti otsatira amawonongeka, ndipo Lachitatu mumafika muli wofooka kale. Kulephereratu kusungireni tizinthu ting'onoting'ono monga mapushapu ndi za mikono, pa seti yomaliza. Pa sikwati ndi deadlift, ayi. Woima kumutu ntchito yake ndi kupulumutsa ndodo ikakana, osati kuthandizira repu iliyonse. Ndipo ngati mulibe woima kumutu, benchi yolemera isiyeni tsiku limenelo.

Pakati pa maseti olemera pumani mphindi ziwiri kapena zitatu, ngakhale zisanu ngati mwapitirira maperesenti 85. Yang'anani pa wotchi ya foni, osati pa mauthenga. Kupuma masekondi 30 n'kubwereranso kumakupangitsani wefuwefu, koma makilo amatsika.

Maseti angati

Werengani maseti enieni okha, kusiya otenthetsera thupi. Pa sikwati ndi pa benchi, yambani ndi maseti 6 mpaka 9 pa sabata pa chilichonse. Deadlift imadya kwambiri msana ndi manja, ndiye maseti awiri mpaka anayi pa sabata akwana. Yambirani m'munsi. Woyamba kumene amakula ndi ntchito yochepa modabwitsa, ndipo ndi bwino kusunga maseti owonjezera kuti adzakuthandizeni tsiku limene zinthu zidzaime.

Mphunzitsi wa onyamula zitsulo a dziko la Soviet Union, Alexander Prilepin, m'zaka za m'ma 1970 anaunika zolemba za akatswiri ake n'kupeza muyeso umene ukugwirabe ntchito. Pa maperesenti 70 mpaka 80, marepu onse a tsikulo pa chonyamula chimodzi akhale 12 mpaka 24. Pa maperesenti 80 mpaka 90 akhale 10 mpaka 20. Kupitirira 90, akhale 4 mpaka 10. Iye ankaphunzitsa a mpikisano wa Olympics, omwe kanyamulidwe kawo n'kosiyana ndi kathu, koma onani mmene manambalawo akutsikira chitsulo chikamalemera.

Sabata ya munthu wa masiku atatu ikhoza kuyenda motere. Lolemba: sikwati maseti 3 a marepu 5, benchi maseti 3 a marepu 5, kukokera ndodo pamimba mutawerama maseti 3 a marepu 8. Lachitatu: sikwati yopepuka maseti 2 a marepu 5 pa makilo ochepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi a Lolemba, kukankhira pamwamba pa mutu maseti 3 a marepu 5, deadlift maseti 2 a marepu 5. Lachisanu: sikwati ndi benchi ngati Lolemba, kenako kudzikoka pa paipi yopingasa maseti 3. Ola limodzi lakwana. Za mikono ndi za pamimba ziikeni kumapeto, maseti awiriawiri, ngati nthawi ilipo. Amayi ndi atsikana, ndondomeko ndi yomweyi, kungoti powonjezera makilo muzikwera pang'ono kwambiri pa benchi ndi pa za pamwamba pa mutu.

Wonjezerani chimodzi, mulembe

Gulani kope la ana asukulu, likhale la zimenezi zokha. Mzere wa tsiku uzioneka chonchi: Lolemba, sikwati, makilo 60, marepu 5, 5, 5, anatsala atatu, ndinagona bwino. Lachisanu, makilo 62, marepu 5, 5, 4, bondo lakumanja likumveka. Mutu umaiwala, ndipo umakonda kukumbukira tsiku limodzi limene zinayenda.

Mukakwanitsa maseti onse ndi marepu onse, kayendedwe kali bwino ndipo awiri atsala m'manja, ulendo wotsatira wonjezerani makilo. Malangizo a 2009 aja amati kuwonjezerako kukhale maperesenti 2 mpaka 10. Ine ndimati khalani cha kumunsi: makilo awiri kapena awiri ndi theka pa sikwati ndi deadlift, kilo imodzi kapena awiri pa benchi ndi pa za pamwamba pa mutu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Makilo awiri pa sabata, ngakhale atangoyenda miyezi itatu yokha, ndi makilo opitirira 20.

Ngati mulibe tizolemera ting'onoting'ono, kwerani ndi marepu. Khalani pa makilo omwewo, kuchoka pa marepu 5 kufika 6, 7, mpaka 8 pa maseti onse, kenako muwonjezere puleti n'kubwerera pa 5 kapena 4.

Sabata imene mwawonjezera makilo, maseti asasinthe. Sabata imene mwawonjezera seti, makilo asasinthe. Mukafuna kuchoka pa masiku atatu kupita pa anayi, gawani maseti omwe munali nawo pa masiku anayiwo kwa mwezi wathunthu musanawonjezere kena kalikonse. Mukasintha ziwiri nthawi imodzi ndiye bondo n'kuyamba kuwawa, simudzadziwa chimene chalakwa.

Makilo akaima

Adzaima ndithu, mwina pakatha miyezi itatu, mwina isanu ndi umodzi. Mukalephera marepu anu maulendo awiri otsatizana pa makilo omwewo, musalimbane nawo kachitatu. Tsitsani ndi maperesenti 10, mukwerenso pang'onopang'ono. Zikaimanso pamalo omwewo, ndiye kuti nthawi yowonjezera sabata iliyonse yatha, muyambe kuganiza mwezi ndi mwezi.

Tiyerekeze kuti malire anu pa sikwati ndi makilo 100. Tsiku lolemera la sabata yoyamba, maseti 4 a marepu 6 pa makilo 72. Sabata yachiwiri, maseti 4 a marepu 5 pa makilo 77. Yachitatu, maseti 5 a marepu 3 pa makilo 85. Yachinayi, maseti 2 a marepu 5 pa makilo 65, n'kupita kunyumba. Marepu onse akutsika, 24, 20, 15, 10, pomwe makilo akukwera mpaka sabata yachitatu. Mwezi wotsatira muyambirenso, paliponse mutawonjezera makilo awiri.

Sabata yachinayi ija ndi imene anthu amaidumpha, ati n'kutaya nthawi. Kutopa kwa masabata atatu kumaphimba mphamvu zimene mwapeza, ndipo sabata yopepuka ndi imene imachotsa kutopako. Minyewa ya m'mfundo nayo imachedwa kulimba poyerekeza ndi minofu, choncho imafuna mpata wake.

Nanga zikavuta, mudule chiti? Onani kumene vuto likumvekera. Ngati mfundo zikuwawa, chigongono, bondo kapena kutsogolo kwa phewa, tsitsani kulemera ndipo wina akujambuleni pa foni muone kayendedwe kanu. Ngati ndi thupi lonse lolefuka, tulo tosagwira, ndodo yotenthetsera ikulemera ngati yodzaza, chilakolako cha chakudya chatsika, dulani maseti ndi theka. Ngati muli bwinobwino, mukugona, mukudya, palibe chowawa koma makilo sakuyenda, pamenepo pokha ndi pamene muwonjezere seti imodzi kapena awiri pa sabata.

Werengerani ntchito yanu, nyengo ndi mbale

Thupi silisiyanitsa chitsulo cha ku jimu ndi thumba la simenti la makilo 50. Wopalasa Sacramento, njinga ya kabaza ija, amene tsiku lonse akukwera zitunda za mu Mzuzu ndi munthu kumbuyo, miyendo yake yagwira kale ntchito yambiri. Iye sikwati kawiri pa sabata, maseti 2 kapena 3 olemera a marepu ochepa, yakwana, ndipo mphamvu zotsala aziike ku msana, chifuwa ndi mapewa. Womanga nyumba, wotsitsa matumba pa msika, kapena amene akuunga mizere mu November, adule deadlift ndi zokoka. Wosewera mpira Loweruka, tsiku lake lolemera la miyendo likhale Lolemba kapena Lachiwiri, osati Lachisanu. Wokhala pa mpando mu ofesi kuyambira m'mawa ndiye angathe ndondomeko yonse ija mosadula.

Kuzizira kwa kuno mu June ndi July si kwa masewera, makamaka kwa onyamulira panja m'bandakucha, nkhungu ili tolo ndipo paipi ikuluma m'manja. Tenthetsani thupi mphindi 10 ndi kuyenda mwandawala kapena kudumpha chingwe, juzi ili m'thupi. Kenako kwerani ndi makwerero: ndodo yokha ka 10, theka la makilo a tsikulo ka 5, magawo atatu mwa anayi ka 3, kenako ntchito yeniyeni. Nthawi ya mvula, yomwe kuno imachedwa kusiya, onetsetsani pamene mwaponda. Sikwati pa dothi loterera ndi ngozi.

Za chakudya, muyeso umene kafukufuku wambiri amagwirizana ndi wakuti wonyamula zitsulo apeze pafupifupi magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilo iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Munthu wa makilo 65 ndiye kuti magalamu opitirira pang'ono 100. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, theka la lita ya mkaka lili ndi pafupifupi 16, mtedza gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo soya pisi wouma ndi pafupifupi theka. Usipa wa ku Nkhata Bay, nyemba ndi chambiko zonse zikuwerengedwa. Okonda kondowole dziwani kuti chinangwa chimapereka mphamvu zogwirira ntchito koma mapuloteni ake ndi ochepa zedi, choncho ndiwo zichuluke. Zitini zodula za ufa wa mapuloteni zija si zofunika ngati mbale ili bwino. Mwezi umene ndalama zavuta ndipo mukudya mopereweza, dulani maseti. Gonani maola 7 mpaka 9. Mowa wa Lachisanu usiku umadya zimene munagwira Lachisanu madzulo. Ndipo akakunong'onezani za jakisoni kapena mapiritsi okulitsa thupi, kanani: amawononga mtima ndi chiwindi, komanso amatha kulepheretsa mwamuna kubereka.

Nthawi ikasowa kapena mukadwala

Mayeso akayandikira ku Mzuni, kapena ntchito ikakutumizani ku Chitipa mwezi wathunthu, musasiyiretu. Chodula ndi masiku ndi maseti, kulemera kukhale pomwepo. Mu 2011 akatswiri a ku University of Alabama at Birmingham anaphunzitsa anthu kunyamula kwa masabata 16, kenako anawadulira ntchito kufika tsiku limodzi pa sabata, ena gawo limodzi mwa atatu a maseti, ena limodzi mwa magawo 9, koma makilo osatsitsa. Patatha masabata 32 mphamvu zawo zinali zisanatsike. Ndiye tsiku limodzi pa sabata, maseti awiri olemera pa chonyamula chilichonse, lidzakusungirani zanu mpaka mpata utapezeka.

Thupi likatentha, kaya ndi malungo kaya chimfine chachikulu, zitsulo zisiyeni. Malizani mankhwala, mudikire mpaka mwayamba kudya ndi kuyenda bwino, kenako muyambire pa maperesenti 60 a makilo anu akale ndi theka la maseti, n'kubwerera pamene munali pa masabata awiri kapena atatu. Amene mwapitirira zaka 40, kapena kwanu kuli matenda a BP, shuga kapena mtima, kayezetseni musanayambe zolemera, chifukwa kugwira mpweya pokankha chitsulo kumakweza BP kwambiri pa kanthawiko. Kupweteka pachifuwa, chizungulire, dzanzi lotsikira ku mwendo, kapena mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa tsiku lonyamula mopitirira muyeso, zimenezo si zodikira kuti muone mawa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukawauze adokotala zimene munanyamula ndi kuchuluka kwake.

Pakatha masabata 8 mpaka 12, sabata yopepuka itangotha, bwerezani kuyeza kuja kwa marepu 6 mpaka 10 pa zonyamula zinayi zija. Chitaninso masamu a Epley, mulembe malire atsopano pa tsamba latsopano la kope, ndipo maperesenti a miyezi itatu yotsatira muwawerengere kuchokera pamenepo.